Kodi "nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi" akunena munthu wopeka zatsopano?

Nachisale, Chilomoni

Ndikupempha akuluakulu odziwa miyambi kuti andithandize. Ine ndimatunga mikanda ya m'khosi, zibangili ndi ndolo, ndipo ndimagulitsa kwa amayi a m'maofesi m'tauni muno komanso pa zionetsero za malonda ku Chichiri. Posachedwapa ndinayamba kusakaniza mikanda ing'onoing'ono ya galasi ndi nthanga za msambamfumu, zija zakuda bii zokhala ndi kachipewa kofiira kumutu, ndipo pakatipakati ndimaikapo timipira ta nsalu ya chitenje. Azakhali anga atabwera kuchokera ku Ntcheu anatenga mkanda umodzi, n'kuutembenuza m'manja nthawi yaitali, kenaka anati, "Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi." Sanawonjezerepo kanthu. Mawuwa andikhala pamtima, chifukwa ntchito yanga yonse imadalira kuti ndipeke chinthu chimene wina sanachipangepo. Kodi mwambi umenewu umadzudzula aliyense wobweretsa zatsopano, kapena umadzudzula wokana malangizo yekha? Pakuti ine palibe amene anandilangiza n'kumukanira.

Mayi Nabanda, Ndirande

Achemwali, mwandikumbutsa agogo anga a ku Chiradzulu, amene ankatunga mikanda ya m'chiuno ya atsikana otuluka m'chinamwali. Ulusi ankapota okha kuchokera ku khonje, akuupotera pantchafu, ndipo nsonga yake ankainyowetsa ndi malovu kuti ilowe m'kabowo ka mkanda popanda singano. Tsiku lina msuweni wanga anakana kuti agogo amumangire mfundo yotsiriza, akuti waona kale mmene amachitira. Atangoimirira kuti adziyeze m'chiuno, mfundo ija inamasuka ndipo mikanda yonse inamwazika m'fumbi, moti tinakhala madzulo onse tikuitola umodziumodzi nkhuku zikulimbirana nafe. Pamenepo ndi pamene ndinamva mwambiwu koyamba. Agogo sanadandaule ndi mitundu imene mtsikanayo anasankha, ngakhale inali yachilendo. Chimene chinawapweteka chinali mfundo ija.

Aphiri a ku Bangwe

Ndaphunzitsa Chichewa kusukulu za pulayimale zaka zambiri, ndipo ndimaona kuti ambiri mwambiwu amaumva mwapamwamba. Tadzifunsani kuti munthu amaviika nsima m'madzi chifukwa chiyani. Palibe wamisala amene angasiye ndiwo n'kusankha madzi. Munthuyu analibe ndiwo, ndipo analibe ndiwo chifukwa anadzipatula kwa anzake, kotero kuti tsiku la kusowa panalibe khomo limene akanagogoda kuti apemphe ngakhale kambale ka nkhwani. Mwambiwu ukunena za kukhala wekha, osati za uchitsiru. Azakhali anu, mayi, akukufunsani kuti mumatunga ndi ndani. Kale amayi ankatunga mikanda atakhala pamodzi pamphasa, wina akuonetsa mnzake, ndipo inu mwina mumatsekera chitseko n'kumatunga nokha.

Bambo Jere, Chichiri

Ine ndikufuna kunena za mikanda yeniyeniyo, chifukwa anthu amene amati tisasinthe za makolo amaiwala kuti mikanda ya galasi sinapangidwepo m'mudzi uliwonse wa kuno. Inkachokera kutali, ku Venice ndi ku Bohemia komanso ku India, ndipo inkafika ndi amalonda a Chiyao ndi a Chiswahili ochokera kugombe la nyanja yamchere, amene ankaisinthanitsa ndi minyanga ya njovu, ndipo mwachisoni ndi anthu omwe. Ngakhale David Livingstone ankayenda ndi nsalu ndi mikanda zogulira chakudya m'njira. Kampani ya African Lakes, imene inayamba mu 1878 ndi kumanga nyumba ya Mandala mu 1882, inapitiriza malonda a katundu wotereyu kuno ku Blantyre. Tsono mayi woyamba amene analandira timiyala tonyezimira timeneti n'kutitunga pamodzi ndi nthanga zimene ankazidziwa kale anafunsa yani? Angoni a kwathu, amene anachokera kummwera n'kuwoloka Zambezi, anabwera ndi katungidwe kawo, ndipo mukapita ku Umhlangano ku Ntcheu mudzaona kuti mikanda ya amayi siifanana yonse, aliyense amaikapo dzanja lake. Choncho sindikhulupirira kuti makolo akanapeka mwambi woletsa luso limene iwo eni ankakhalira nalo.

Mayi Nabanda, Ndirande

Aphiri, ndi ulemu wonse, kumasulira kwanuko sindinakumvepo kwa munthu wamkulu aliyense. Mwambiwu umayamba ndi mawu akuti nzeru, ndipo ukanakhala wonena za kusowa anzako ukanati "wokhala yekha". Agogo ankaugwiritsa ntchito limodzi ndi uja woti safunsa anadya phula, ndipo yonse iwiri inkagwera mwana amene ali pakati pa anthu koma makutu ake atatseka. Msuweni wanga uja sanali yekha, tinalipo asanu pamphasa imodzi.

Aphiri a ku Bangwe

Mayi Nabanda, mwandithandiza osadziwa. Munthu amene ali pakati pa anthu asanu koma safuna dzanja la aliyense ali yekha ndithu, ndipo ndi zimene ndikunena. Phula ndi nkhani ina, chifukwa wodya phula analakwitsa posadziwa, pamene woviika nsima m'madzi ankadziwa bwino kuti madzi si ndiwo. Miyambi iwiriyi siyofanana, ndipo makolo sakanasunga iwiri yonena chinthu chimodzi.

Gogo Nangozo, Zingwangwa

Mdzukulu wanga ndiye akundilembera izi. Ine chimene chimandiwawa n'chakuti ana a masiku ano sangathe n'komwe kutchula zimene akupangazo. Ukawafunsa akuuza kuti akupanga madizaini, ndipo mkanda akuutchula dzina lachizungu ngati kuti ndi chinthu chimene chabwera dzulo ndi ndege. Mawu akuti kutunga akutha, makoza sakuwadziwa, chipini chimene amayi athu ankavala pamphuno akuchiona ngati chachilendo, ndipo mphande ija imene mafumu ankavala pachifuwa ukaitchula amangokuyang'ana. Ife anankungwi anatiphunzitsa kuti mkanda wofiira, woyera ndi wakuda uli ndi mawu ake m'banja, mawu amene mkazi ankauza mwamuna wake osatsegula pakamwa. Lero ndimaona mikanda ya m'chiuno itapachikidwa poyera mumsika wa Limbe, mitundu itasakanikirana, anyamata akuigulitsa mofuula. Munthu amene sadziwa zimene mtundu ukunena angapeke chiyani? Azakhali akowo, mwanawe, mwina anaona chofiira ndi chakuda zitagundana pakhosi, pamalo poonekera aliyense, ndipo anachita manyazi kukuuza mwachindunji.

Chisomo, Namiwawa

Agogo, ndikupempha kuti musatiike tonse m'dengu limodzi. Ine ndine wachinyamata ndipo ndimapanga mikanda ya mapepala, ndimadula makalendala akale m'timizere tosongoka, n'kutikulunga pa kamtengo ka machesi, kenaka n'kupaka vanishi kuti isalowe madzi. Mawu achizungu timawagwiritsa ntchito chifukwa ogula ambiri amatipeza pa Facebook ndi pa WhatsApp, koma sikuti Chichewa tachitaya. Vuto limene ndimaliona pakati pa anzanga ndi losiyana ndi limene azakhali aja akunena. Ambiri alibe nzeru zawozawo, amangotsitsa zithunzi pa intaneti za mikanda ya Amasai a ku Kenya kapena ya Azulu n'kukopera mzere ndi mzere, moti ukayenda pa malo ogulitsira ziboliboli m'tauni umapeza tebulo lililonse lili ndi zofanana. Achemwali a ku Chilomoni atola nthanga ya mtengo wa kwathu konkuno n'kuipatsa malo pakhosi pa munthu, ndipo ine ndikuona kuti ayenera kulimbikitsidwa.

Gogo Nangozo, Zingwangwa

Ndamva, mwana wanga, koma ngakhale mawu akuti kukopera amene walembawo si athu. Ife tinkati kutsanzira kapena kuonera. Ndi zomwezi ndikudandaulazi.

Nachisale, Chilomoni

Zikomo nonse. Dzulo ndinawaimbira foni azakhali n'kuwafunsa mwaulemu chimene ankatanthauza. Anangoti, "Nthanga zimenezo unafunsa kwa yani kakonzedwe kake?" Kenaka anafotokoza kuti amayi awo ankayamba aziyanika mpaka ziume gwa, ndipo ankaziboola ndi sipoko ya njinga yotenthetsa pamoto kuti bowo lisalale lisamadye ulusi, pamene ine ndimaboola ndi kamsomali kozizira kamene kamasiya m'mphepete mwakuthwa. Anatinso nthanga yosauma bwino imalowa anankafumbwe ndipo kachipewa kofiira kaja kamathothoka mkanda uli kale pakhosi pa wogula. Za mitundu sananenepo, ndipo nditawafunsa ngati mkandawo ndi wokongola anasintha nkhani n'kuyamba kufunsa za ana.

Aphiri a ku Bangwe

Mwamva nokha. Sanafunse kuti "unachitiranji", anafunsa kuti "kwa yani". Akufuna dzina la munthu amene munakhala naye pansi, ndipo palibe. Ndi kusowa khomo logogoda kuja ndinanena poyamba.

Mayi Nabanda, Ndirande

Ayi Aphiri, khomo linalipo, ndi azakhali omwewo, ndipo foni ya ku Ntcheu inalipo nthawi yonseyi. Ndiwo zinali pafupi koma sizinapemphedwe, ndiye nzeru zayekha zimenezo monga ankanenera agogo. Koma achemwali, musasiye msambamfumu, konzani kaboolede kokha. Ndikufunsenso, kodi mumatungira ulusi wa nayiloni kapena twaini ya asodzi ija? Chifukwa nthanga zolemera chotero pa ulusi wosokera zovala sizingathe chaka.

Bambo Jere, Chichiri

Twaini ya asodzi ndi yolimba koma imauma ndipo mkanda sugona bwino pakhosi, pamene nayiloni wopota kawiri amatsata thupi. Gogo Nangozo, ndikupempha kuti mdzukulu wanu atilemberenso ngati lamulo la mitundu itatu ija linkakhudza mikanda ya m'khosi, chifukwa kwathu ku Ntcheu ndinkaona amayi atavala yofiira pakhosi masana popanda wowanena.