Ganyu wa ku bwalo la hockey: za sizoni ya 2022/23

Mphwanu wa ku Regina: Akuluakulu, moni nonse. Ndine watsopano uja munandilowetsa m'gulu muno. Ndaona kuti ku Brandt Centre, bwalo la hockey ya pa ayezi kuno ku Regina ku Canada, akufuna anthu ogulitsa zakudya ndi oyeretsa pa magemu a timu ya Regina Pats. Kodi ndi ganyu wodalirika? Za hockey ine sindidziwa kalikonse.

Bambo a Tadala: Takulandirani achimwene. Tisanapite patali, pemiti yanu yogwirira ntchito ndi yotani? Ngati inalembedwa dzina la kampani imodzi, ganyu wina aliyense ndi woletsedwa, ngakhale wa usiku umodzi. Ngati ndi yotseguka, kapena muli kale ndi PR (chilolezo chokhala m'dziko muno mokhazikika), palibe vuto.

Mphwanu wa ku Regina: Ndi yotseguka bambo. Amene akuphunzira ndi akazi anga.

Bambo a Tadala: Basi lembani kalata. Koma mudziwe mmene ntchitoyo imayendera, chifukwa maola anu sadalira abwana okha, amadaliranso anyamata amene akusewera aja. Pats ili mu Western Hockey League, anthu amangoti WHL. Ndi ligi ya anyamata a zaka 16 mpaka 20, ndipo ambiri opita ku NHL, ligi yaikulu ya akatswiri, amadzera m'maligi ngati amenewa. Timu iliyonse imasewera magemu 68, theka lake pakwawo. Ndiye kuti masiku otsimikizika ndi 34, kuyambira kumapeto kwa Sepitembala mpaka kumapeto kwa Marichi. Zowonjezera zimabwera pokhapokha timu ikalowa ndime ya chipulula.

Anaphiri (Saskatoon): Auzeni za 2022/23 bambo a Tadala, amve bwino kkkk

Bambo a Tadala: Mayi inu mukufuna mundikumbutse chilonda. Chabwino. Chaka chimenecho Regina inali ndi mnyamata wa zaka 17, Connor Bedard. Anasewera magemu 57, anagoletsa zigoli 71, mapointi onse 143 (zigoli kuphatikiza mapasi obweretsa zigoli). Ndipotu Disembala ndi kumayambiriro kwa Januwale kunalibe, anali ku timu ya dziko la Canada pa mpikisano wa achinyamata ku Halifax, kumene anatenga golide. Atabwerako ndiye kunali misala. Bwalo lathu ndi la anthu pafupifupi 6,000 ndipo linkadzaza. Ife ogulitsa tinkafika kunyumba miyendo ikunjenjemera, koma palibe amene ankabwezedwa kuti lero anthu achepa. Ena mpaka anayamba kuwerengera ndalama za Meyi zisanabwere.

Anaphiri (Saskatoon): Kenako anakumana ndi timu yathu ya Saskatoon Blades.

Bambo a Tadala: Eetu. Mu ndime ya chipulula chaka chimenecho timu yoyamba kupambana magemu anayi ndiyo inkapitirira. Tinapambana awiri oyamba konko ku Saskatoon, tikumati zatheka. Mapeto ake zinafika pa gemu ya nambala 7 ndipo tinagonja. Bedard anapeza mapointi 20 pa magemu 7 amenewo koma sizinathandize. Kwa ife a ku Regina zinatanthauza mashifiti atatu okha owonjezera, Epulo asanafike pakati ntchito ya hockey yatha. Mu Juni mnyamatayo anatengedwa woyamba ndi Chicago Blackhawks, ife tili pa intaneti kusaka maganyu a m'chilimwe.

Anaphiri (Saskatoon): Kuno zinali zina. SaskTel Centre ndi yaikulu, imalowa anthu oposa 14,000, ndipo Regina ikabwera ankatsegula ndi mipando yam'mwamba imene masiku ena imangokhala. Ankaimbira foni aliyense amene dzina lake lili pa ndandanda. Titachotsa Regina tinakumana ndi Red Deer Rebels, tinagonja atatu oyamba motsatizana. Ine ndinali nditauza kale a ku ntchito yanga ya masana kuti sabata yamawa madzulo ndili mfulu. Anyamata aja anapambana anayi otsatira! Tinagwira mpaka kumayambiriro kwa Meyi, pamene Winnipeg Ice inatikwapula anayi osabwezako ndi imodzi yomwe. Ndiye achimwene, mu Epulo musamalonjeze munthu madzulo anu. Ndandanda ya magemu imatuluka masiku ochepa chabe gemu isanachitike.

Malume wa ku Brandon: Inu awiri mukudandaula ndi kukondwa, ife kuno Wheat Kings sinalowe n'komwe chipulula chaka chimenecho. Marichi atatha, zii. Ganyu ameneyu mumutenge ngati ndiwo, nsima yake ikhale ntchito ina. Lendi musaiike pa hockey.

Mphwanu wa ku Regina: Ndamva malume. Nanga mapepala amene amafuna ndi ati?

Anaphiri (Saskatoon): SIN (nambala ya boma yogwirira ntchito) ndi akaunti ya ku banki, zimenezo muli nazo kale. Ngati mukufuna mbali yogulitsa mowa, kuno ku Saskatchewan pamafunika satifiketi ya Serve It Right. Amaphunzira pa intaneti, tsiku limodzi mwamaliza. Ikhale m'manja musanapite kukafunsidwa mafunso. Kumowa ndi kumene anthu amasiya ka tip, koyeretsa kulibe.

Malume wa ku Brandon: Chigawo chilichonse chili ndi yake. Kuno ku Manitoba ndi Smart Choices, ku Alberta ProServe, ku Ontario Smart Serve. Mukasamuka mufunse kaye, musangoganiza kuti ya kwanu igwira.

Mayi a Pemphero (Moose Jaw): Ndalowa mochedwa, ndinali pa shifiti. Mukayang'anenso malipiro. M'sizoni imene akukambayi malipiro otsikitsitsa kuno anali $13 pa ola, kuyambira Okutobala 2022. Anakwera kufika $14 mu 2023, kenako $15 mu 2024. Shifiti ya gemu ndi ya maola anayi kapena asanu, ndiye muchotse basi kapena mafuta muone chotsala. Ndipo pokhala ndi ntchito ziwiri, aliyense amadula msonkho ngati ndi yekhayo amene akukulipirani. Pofika Epulo 30 mutha kupezeka kuti muli ndi ngongole ku CRA, bungwe lotolera misonkho. Pa fomu ya msonkho ya TD1 ya ntchito yachiwiri pali pochonga kuti muli ndi mabwana oposa mmodzi. Chongani.

Bambo a Tadala: Zoona zimenezo. Komanso za mayendedwe. Gemu ya 7 koloko madzulo imatha cha m'ma 9:30, koma oyeretsa amayamba anthu akatuluka, ndiye mutha kuweruka pakati pa usiku. Onani nthawi ya basi yomaliza musanavomere mbali imeneyo. Mu Januwale kuno -30 si nkhani, kudikira basi panja ndi kudziika pangozi. Ngati muli ndi galimoto, isakhale ya batire lotopa, ndipo muziyenda ndi mawaya ojampira.

Mphwanu wa ku Regina: Mkati mwa bwalomo mumazizira kwambiri? Poti pansi ndi ayezi.

Anaphiri (Saskatoon): Kogulitsira zakudya mumachita kutuluka thukuta. Kozizira ndi kumakomo ndi pafupi ndi ayezi. Valani zopyapyala zingapo, zoti mutha kuvula. Nsapato zikhale zakuda, zosaterera. Chinanso, gemu ili ndi zigawo zitatu za mphindi 20, pakati pali kupuma kuwiri. Malonda onse ali pa kupuma kumeneko. Muziyang'ana wotchi ya pa TV, zikatsala mphindi zitatu kuti chigawo chithe, zonse zikhale zokonzeka, chifukwa anthu amatuluka onse nthawi imodzi. Kuchimbudzi muzipita gemu ili mkati.

Mayi a Pemphero (Moose Jaw): Mu Disembala mufunse tsiku la Teddy Bear Toss. Timu yakwanu ikagoletsa chigoli choyamba anthu amaponya zidole pa ayezi, zimakapatsidwa kwa ana osowa ndi odwala. Ngati simuli pa shifiti pitani ndi ana. Matikiti a WHL ndi otsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi a NHL. Wanga anayambira pomwepo kundivutitsa kuti akufuna kusewera.

Malume wa ku Brandon: Apo ndiye pamafunika ndalama mayi.

Mayi a Pemphero (Moose Jaw): Zilipo njira malume. Pali First Shift ya ana a zaka 6 mpaka 10 amene sanasewerepo, mumalipira kamodzi ndipo amapereka zovala ndi zida zonse. Pali KidSport ndi Jumpstart ya Canadian Tire, amathandiza mabanja opeza zochepa kulipira mafizi. Nsapato za pa ayezi mugule zakaunjika, phazi la mwana silidikira. Chimene chimapweteka ndi maulendo a Loweruka ndi Lamlungu, makamaka kwa ife ogwira mashifiti.

Mphwanu wa ku Regina: Ndiye chikho chaka chimenecho anatenga ndani? Ndikufuna ndikhale ndi poyambira akandifunsa.

Bambo a Tadala: Mu WHL anatenga Seattle Thunderbirds, atagonjetsa Winnipeg magemu anayi kwa imodzi. Musadabwe, muligimu muli matimu a ku America. Winnipeg Ice yomweyo inagulitsidwa sizoni itangotha n'kusamukira ku Wenatchee, boma la Washington. Kenako akatswiri a maligi atatu, WHL, ya ku Ontario ndi ya ku Quebec, amakumana pa Memorial Cup pamodzi ndi timu ya mzinda wolandira alendo. Ya 2023 inali ku Kamloops, ndipo Quebec Remparts ya mphunzitsi Patrick Roy inachinya Seattle 5-0 mu fainolo. Koma pokufunsani mafunso sadzakufunsani zimenezi. Adzafunsa ngati mumapezeka Lachisanu ndi Loweruka madzulo.

Anaphiri (Saskatoon): Ndipo ku Regina musakatchule Blades monyadira, angakubwezereni pakhomo kkkk

Mphwanu wa ku Regina: Zikomo kwambiri nonse. Serve It Right ndiyamba usiku uno. Bambo a Tadala, ndingakutumizireni CV kumbali muione kaye?

Bambo a Tadala: Tumizani, ndiiona mawa ndikaweruka. Ikhale ya tsamba limodzi, osaikapo chithunzi kapena zaka zobadwa.