Bokosi la tchipisi loti lisanduke minibasi: mafuta andikanika, thandizeni

Nabanda, wojambula, Area 18

Akuluakulu, ndalimbana nalo ndekha vutoli kwa milungu iwiri, lero ndati ndilitule pano. Mayi wina amene ali ndi malo odyera ku Area 47 wandipatsa ntchito yokonza bokosi la chakudya cha ana chonyamula: tchipisi, kantchafu ka nkhuku ndi saladi pang'ono. Akufuna kusiya mabokosi oyera a fomu aja, komanso akufuna kuti mwana akamaliza kudya, alipinde bokosilo likhale chidole. Ine ndinasankha minibasi, poti palibe mwana wa mu Lilongwe amene saidziwa.

Ndinadula zitsanzo zitatu pamanja, ndi lezala ndi rula yachitsulo, pa katoni ya 300 gsm (muyezo wa kulemera kwa pepala) yoyera kunja, yotuwa mkati. Loweruka ndinagula tchipisi pa chiwaya, ndinathira m'bokosimo, n'kukwera nalo kabaza mpaka kunyumba. Pofika, pansi ponse panali patada ndi mafuta, chivindikiro chitafewa, tchipisi chitalobodoka ndi nthunzi. Mwana wa achemwali anga, wa zaka 6, anayesa kupinda monga ndinamusonyezera. Denga linang'ambika pa mzere wachiwiri, manja ake ali mafuta okhaokha, ndipo amayi ake analanda n'kukaponya kudzala asanamalize n'komwe. Sindinawadandaule. Inenso sindingalole mwana kugona ndi chinthu chonunkha nkhuku ya dzulo.

Ndiye ndigule katoni yanji yoti mafuta asalowe? Nanga kung'ambikako n'chifukwa cha pepala kapena kadulidwe kanga? Mwini ntchito akufuna kuona chitsanzo Lachisanu.

aPhiri, odula ndi die (chikombole cha mipeni chodulira katoni), Malangalanga

Achemwali, tiyambe ndi kung'ambika, chifukwa ndi kumene ndimadyerako. Mukalemba mzere wopindira ndi lezala, ndiye kuti mwadula kale khungu la katoni, kupinda kukungomalizitsa bala lomwe mwayamba nokha. Mzere wopindira sudulidwa, umadindidwa ndi chitsulo chobuntha chomwe chimakankhira katoni m'kangalande. Ife timawerenga chonchi: kukula kwa kangalandeko ndi kukhuthala kwa katoni kuchulukitsa ndi 1.5, kuphatikiza kukhuthala kwa chitsulo chodindira. Katoni ikakhala 0.45 mm, chitsulo 0.71 mm, kangalande kakhale pafupifupi 1.4 mm. Pa chitsanzo cha pamanja, tengani bolopeni yotha inki, ikani katoni pa mulu wa nyuzipepala, dindani motsatira rula. Muona kusiyana lero lomwe.

China, katoni ili ndi mbali imene ulusi wake unalowera. Dulani tiziduswa tiwiri tofanana, kena mlitali kena mlifupi, mutigwire kumapeto: komwe kagwe kwambiri, ulusi wadutsa chopingasa. Pa bokosi timafuna ulusi uzungulire thupi, udutse mizere italiitali yopindira, kuti makoma asatukumuke. Komanso mwezi wa October uno katoni imauma kwambiri ndipo imasweka msanga pa mpindo. Musaisiye pa dzuwa kapena pafupi ndi malata.

Za mafuta ayankhe ena, koma ndinene kuti katoni yotuwa mkatiyo si ya chakudya.

aJere, oona za ukhondo wa zakudya

AChimwene aPhiri anena zoona, ndipo ndiwonjezere chifukwa chake. Kutuwa kwa mkatiko ndi mapepala akale ogayidwanso, nyuzipepala ndi zina zotero, zomwe zinali ndi inki. Mafuta a mu inki yakaleyo satheratu, ndipo chakudya chotentha chamafuta ndi chomwe chimawakoka msanga. Katoni imeneyo ndi yabwino pa bokosi la nsapato kapena la sopo. Chokhudzana ndi tchipisi chikhale katoni yatsopano yopangidwira chakudya, ndipo wogulitsayo akupatseni chikalata chonena zimenezo. Musadindenso inki mbali yokhudza chakudya. Mukafuna kutsimikiza zomwe muyezo ukufuna, a Malawi Bureau of Standards ndi amene amasunga miyezo, pitani mukafunse musanawononge ndalama pa die.

Koma Nabanda, ngakhale mupeze katoni yosalowa mafuta, mafutawo angokhala pamwamba pake. Mwana adzapindabe chinthu chonona, chokhala ndi msuzi wa nkhuku m'makona, n'kuchisunga pansi pa bedi. Nyerere ndi mphemvu zikwera minibasiyo iye asanakwere. Mbale yodyera singakhalenso chidole, apa ndiye pamene pali vuto.

Mayi a Tadala, ophika, Bwandilo

Ine sindidziwa za gsm, koma ndakhala pa moto zaka zambiri ndipo ndikuuzeni zomwe zimachitika nthawi ya nkhomaliro. Anthu ali pa mzere, wina akukuwa kuti basi ikumusiya, mtsikana wanga ali ndi chipande dzanja limodzi. Bokosi lofuna kulowetsa timakutu sikisi asanathiremo chakudya, adzalipinda tsiku loyamba lokha, lachiwiri adzabwerera ku fomu. Likhale loti usiku tipinde mulu, masana tingotola.

Ndiye nthunziyo. Tchipisi sichifuna kutsekeredwa, chimafuna kupuma. Ukachitseka ndithu, pofika ku Area 25 chasanduka mbatata yophika, kasitomala n'kumati wophikayo sadziwa ntchito. Mabowo akhalepo, ndipo akhale m'mwamba. Saladi musamuike pamodzi ndi zotentha, kabichi amatulutsa madzi ndipo ndi amene amaboola pansi kuposa mafuta.

Pomaliza, sitepula ayi. Ndinapezapo kapini kake m'mbale ya mwana wanga kuchokera pa pepala lomwe anatikulungira kwina, mpaka lero mtima umandigunda ndikakumbuka.

aMwale, osindikiza, Kawale

Bwanji osasiya za minibasi n'kupanga bawo? Chivindikiro chikatambasulidwa, mizere inayi ya maenje 8, onse 32, mwana atole timiyala panja. Palibe chopinda chovuta, inki mtundu umodzi. Anzathu akunja anachitapo zotere: McDonald's ku Sweden mu 2016 anapanga bokosi la chakudya cha ana lomwe limapindidwa kukhala magalasi oikamo foni poonera zithunzi zake. Ifenso tipange chathu chomwe agogo angasewere ndi mdzukulu.

Nabanda

AMwale, bawo ndinaliganizira. Ndinayeza: chivindikiro changa ndi 17 cm, kugawa maenje 8 ndiye dzenje lililonse ndi 2 cm basi, timiyala titatu tadzaza kale. Komanso pa katoni yafulati si maenje enieni, ndi mabwalo ojambula, ukangogunda tebulo masewera atha. Ndilisunga ganizoli pa bokosi lalikulu la banja. Zomwe anena aJere ndi zomwe zandikhudza kwambiri, chifukwa ndimafunafuna katoni yamphamvu pomwe vuto ndi kapangidwe. Koma ndikapanga zinthu ziwiri, mbale payokha chidole pachokha, mtengo sukwera kawiri?

aPhiri

Tengani bokosi la machesi mulione bwino. Muli kathireyi mkati, kunja kuli chikuto, kathireyi kamalowa n'kutuluka. Pangani chimodzimodzi. Thireyi ndi ya chakudya: katoni yoyenera, yopanda inki, yopanda chivindikiro, yaing'ono, yoti ikatha ntchito itayidwe. Chikuto ndiye minibasi yanu, ndipo chakudya sichichikhudza. Katoni ya chakudya yokwera mtengo ija mukuigwiritsa pa thireyi pokha, chikuto chikhale katoni yabulauni ya kraft ya 300 kapena 350 gsm, inki yakuda ndi mtundu umodzi. Mtengo ukwera, sindinama, koma osati kawiri.

Tiwerenge limodzi. Denga 9 cm, khoma 7, pansi 9, khoma lina 7, ndiye 32, kuphatikiza 2 cm ya kakhutu kotsekera, 34 cm. Kutalika kwa basi 17 cm, kutsogolo ndi kumbuyo timakomo ta 7 cm uku ndi uku, ndiye 31 cm. Pa shiti ya 70 ndi 100 cm: 34 kawiri ndi 68, 31 katatu ndi 93. Zikuto 6 pa shiti imodzi. Koma onani kuti mbali ya 70 yatsala ndi 2 cm yokha, ndipo makina amafuna pogwira. Musawonjezere ngakhale theka la sentimita pa denga, apo ayi mutsika kufika pa zikuto 4 kapena zitatu, zotsalazo n'kukhala zinyalala zomwe mwalipira.

Mabowo a nthunzi omwe akunena Mayi a Tadala ndiwo mazenera a minibasi. Ali kale m'mwamba mwa khoma, pomwe nthunzi imafuna kutulukira.

Tsopano matayala, apa ndimvetsereni bwino. Pa mzere wopindira pakati pa khoma ndi pansi, musadinde mzere wonse. Siyani mipata iwiri ya 4 cm. Pa mpata uliwonse dulani theka la bwalo lolowera mbali ya pansi. Mukapinda, theka la bwalolo silipindika nawo, limatsatira khoma n'kutulukira kunsi ngati tayala. Palibe guluu, palibe chidutswa chochoka. Ndiponso bokosi limaima pa matayala anayiwo, pansi pake osakhudza tebulo lonyowa.

aMwale

Madala, nzeru ya matayalayo ndaigwadira. Koma ndifunse ngati munthu amene ndinakulira ku Kawale ndikupanga galimoto za mawaya: mwana wa kuno angaitenge ngati galimoto yeniyeni pomwe matayala sazungulira? Ife tinkapanga ndi chiwongolero chomwe, matayala a zitsekerero za mabotolo kapena zitini za polishi. Bwanji tiboole timabowo ta ekiselo, n'kulemba pa bokosi kuti mwana alowetse kamtengo ndi zitsekerero?

aJere

AMwale, apo ndikukanirani. Pa miyezo ya zidole ya kunja, monga EN 71 ya ku Ulaya ndi ISO 8124, pali kachubu koyesera ka 31.7 mm m'mimba mwake. Chilichonse cholowa chathunthu m'menemo chimawerengedwa kuti chingatsamwitse mwana wosakwana zaka zitatu. Chitsekerero cha botolo la zakumwa chimalowamo. Bokosi ili likupita m'nyumba momwe wa zaka 7 ali ndi mng'ono wake wokwawa, ndipo dzina la malo odyera lili pamwamba pake. Mwana wamkulu akaboola yekha n'kuikamo matayala ake, ndi luso lake ndipo adzatero popanda kumuuza. Koma ife tisalembe malangizo otero, tisaikemonso chingwe chokokera.

Pa chifukwa chomwecho, tiziduswa ta mazenera tichotsedwe kwa aPhiri komweko. Musatisiye tolendewera kuti mwana akabowole yekha, tikathera m'kamwa kapena mu tchipisi.

Mayi a Tadala

Ngati matayala sazungulira, mupatseni mwanayo china chochita. Musadinde zonse. Siyani pamphumi pa basi poyera kuti alembe yekha komwe ikupita, kaya Chinsapo, kaya Kauma, kaya Likuni. Kumbuyo musiyenso malo a mawu aja amalemba pa minibasi. Wanga akangopeza katoni iliyonse amayamba kuitanira anthu ngati kondakitala, nyumba yonse phokoso. Pepala labulauni limalembeka ndi pensulo ndi makrayoni, lonyezimira lija sililembeka.

Ndipo kunena zoona, chomwe chandikopa ine n'choti fomu ichepe. Mvula ikagwa, pitani mukaone ngalande za mu Old Town ndi m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe pafupi ndi msika, zoyera zokhazokha. Majumbo opyapyala osakwana ma micron 60 analetsedwa kale mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana nazo mu 2019, ndipo ife ogulitsa chakudya tiyenera kuyamba kuzolowera zonyamulira zina tisanachite kuthamangitsidwa.

aJere

Mawu amodzi pa thireyi, Nabanda. Katoni zambiri zosalowa mafuta zimakhala zomatidwa kapulasitiki kopyapyala mkati. Zimagwira ntchito, koma musalembe pa bokosi kuti limawola lonse ngati thireyi ili yotero. Njira ina ndi thireyi ya katoni wamba ya chakudya yoyalidwa pepala losalowa mafuta. Yesani zonse ziwiri ndi nkhuku yotentha, osati tchipisi chokha.

Nabanda

Ndabwera ndi zotsatira. Usiku ndinadula zikuto ziwiri pa kraft ya 350 gsm, mizere ndinadinda ndi bolopeni yotha monga ananenera aPhiri, palibe pomwe pasweka. Masana ano ndinagula tchipisi ndi nkhuku, thireyi yoyalidwa pepala, n'kuyenda ulendo womwe uja pa kabaza, mphindi 25. Tchipisi chafika chikadali chokhukhuta m'mphepete. Makoma ndi ouma. Mwana uja anasolola thireyi, anadya, anatseka timakomo tiwiri yekha osandifunsa, n'kulemba pamphumi kuti Area 49 ndi 9 wotembenuka. Pano akuikankha pakhonde, wakweza nyemba ngati anthu.

Zovuta zatsala ziwiri. Denga lili ndi kadontho ka mafuta pomwe ntchafu inakhudza, ndiye mwina nditsitse makoma a thireyi kapena ndiuze kukhitchini kuti nkhuku izigona pansi, tchipisi pambali. Chachiwiri, kabaza atagunda bampu thireyi inakankha kakomo kakumbuyo n'kusuzumira kunja.

aPhiri

Cha denga, musatsitse makoma, ikani pepala loyalalo likhale lalitali kuti mbali imodzi ipindikire pamwamba pa nkhuku, koma lisatseke mazenera. Cha kakomo, kakhutu kake kakhale ndi timapewa totulukira 2 mm mbali zonse, ndipo pa mzere pomwe kamalowa tidulepo timing'alu tiwiri kuti timapewato tikole. Mwana amatha kutsegula, bampu singathe. Bweretsani chitsanzocho Lachitatu m'mawa pamodzi ndi shiti imodzi ya katoni yeniyeni yomwe mugule, ndiyeze kukhuthala kwake ndisanapinde zitsulo za die. Mubwerenso ndi thireyi, ndikufuna ndione mpata womwe mwasiya pakati pa ziwirizi, usapose 1 mm mbali iliyonse.