Kachibowo kokodzera kali kunsi, adokotala akuti asadulidwe kaye

Amake Tada:
Abale ndithandizeni. Mwana wanga wa miyezi 4 kachibowo kokodzera sikali kunsonga, kali cha kunsi kwa kachida ndiye akamakodza mkodzo umangotsikira pansi. Kuchipatala anati ndi hypospadias ndipo tisayerekeze kumupanga mdulidwe coz khungulo lidzafunika pa opaleshoni, akuti lili ndi mitsempha yake ya magazi. Abambo ake kwawo ndi ku Mangochi ndiye apongozi ayamba kale kufunsa za jando. Khungu loti ena amangodula nkutaya lingafunike chonchi zoona?

Kiliniko wa pa Zomba:
Mayi mverani adokotalawo, akunena zoona. Njira ya mkodzo imadutsa mkati mwa kamnofu kofewa kodzadza magazi, corpus spongiosum, ndipo magazi amafikamo mbali ziwiri, ena amalowa kutsinde kudzera mu mtsempha wa magazi wotchedwa bulbourethral artery pomwe ena amayenda pamwamba mu dorsal artery mpaka kumutu nkubwerera chammbuyo, yonseyi ndi nthambi za internal pudendal artery. Kwa mwana ngati wanuyo kamnofu kaja kamagawikana kasanafike kunsonga ndiye chigawo chomalizacho chimakhala chopyapyala, magazi ochepa, ndipo pomwe magazi ndi ochepa bala silipola bwino. Khungu lakunsonga lija magazi ake amachokera kwina, ku mtsempha wa mphechepeche wotchedwa external pudendal, nde dotolo akapanga njira yatsopano amasenda kanyama ka pansi pa khungulo kotchedwa dartos, osakadula ku mitsempha yake, nkukafunditsa pomwe wasokapo. Mukadula lero ndiye kuti mwataya chigamba chamoyo chimenecho. Timitsempha take ndi tating'ono kwambiri kwa khanda, nchifukwa chake madotolo amavala magalasi okulitsa posoka.

Bambo a Mapasa:
Ife zinationekera izi ndi mmodzi mwa mapasa athu. Anabwera kunyumba ndi kapaipi ka mkodzo pafupifupi sabata, kovuta ndi kumuletsa kukoka basi. Chomwe anatichenjeza kwambiri ndi fistula, kaboo kamene kamatseguka pomwe anasoka mkodzo nkumatuluka malo awiri, ndipo akuti zikatero amadikira miyezi 6 kuti pafewe magazi ayambenso kuyenda bwino asanakonzenso. Mukatengetu kalata ya referral msanga, ku Blantyre ma opaleshoni a ana amapangira ku Mercy James pa Queens, ku Lilongwe ndi ku Kamuzu Central.

Amake Tada:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga msinkhu wabwino ndi uti, tisadikire akule kaye? Ndikuopa mankhwala ogonetsa aja kwa kamwana chonchi.

Kiliniko wa pa Zomba:
Nthawi zambiri ndi pakati pa miyezi 6 ndi 18, akhanda amapola msanga komanso sadzakumbuka, koma dotolo woona mwanayo ndi amene aganize poona pomwe kachibowoko kali komanso ngati kachidako ndi kopindika. Vutoli si lachilendo, pa anyamata 200 mpaka 300 obadwa mmodzi amakhala nalo. Apongoziwo muwauze kuti opaleshoni ikatha ana ambiri amaoneka ngati odulidwa kale chifukwa khungu lotsala amalichotsa kapena kuligwiritsa ntchito, ndiye angaliba asamukhudze ngakhale pang'ono. Mupite nawo limodzi ku kiliniki akamve okha kwa adokotala.