Mwana wanga wapeza mapointi 23 koma dzina silinatuluke, ndimutani?

Membala wobisa dzina:
Akuluakulu apagulu, dzina ndabisa dala chifukwa alamu anga ali pompano, ndipo ndi anthu osachedwa kupsa mtima. Ine ndine mayi wamasiye, ndimakhala ku Bangula, ndimagulitsa nsomba zouma pamsika. Mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, analemba mayeso a Fomu 4 pa CDSS ina yakuno ndipo anapeza mapointi 23. Pasukulu pawo anali wachiwiri. Anafunsira malo ku yunivesite, ndalama yoyendera mpaka pa boma la Nsanje ndinachita kukongola, mayina atuluka, lake mulibe. Chikundiwawa n'chakuti mwana wa aneba, wa mapointi 25, amutenga, ndipo mayi ake akungoimba nyimbo akamasesa pabwalo kuti ine ndimve.

Mwanayu wavutikira sukulu. Madzi a Freddy mu 2023 anatenga makope ake onse ndi yunifolomu, sukulu yawo inasanduka kampu ya anthu othawa madzi, anakhala masabata osalowa m'kalasi. Bambo ake anasiya mbuzi zinayi. Alamu anagulitsa ziwiri ati za maliro, chonsecho bokosi anagula ndi a mpingo. Azakhali ake a ku Johannesburg analonjeza laputopu, lero amangotumiza zithunzi za maluwa pa WhatsApp. Tsopano alamu omwewo akuti pali mwamuna wa ku Nchalo, wogwira ntchito kumunda wa nzimbe, akufuna kupereka malowolo, ati sukulu yakana.

Ndiye ndithandizeni. Abwereze? Apite ku ntchito zamanja? Kapena ndigulitse mbuzi zotsalazo ndimutumize ku koleji ina ya ku Blantyre yomwe bambo wina anandiuza m'minibasi kuti amatenga aliyense? Mwana sakudya, akungogona chafufumimba m'nyumba ndi kutentha konseku.

Nasibeko Namwino:
Pepani mayi. Mapointi okha satiuza kanthu. Tatilembereni phunziro lililonse ndi nambala yake, makamaka Chingerezi. Anapeza bwanji?

Aphunzitsi Alufandika (opuma):
Mayi, khalani pansi ndikuuzeni komwe kunathyokera mwendo. Ine choko ndagwira zaka 34, kuyambira Ngabu mpaka Marka. Sukulu inafa mu 1994. A Bakili Muluzi atalengeza pulayimale yaulere, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni chaka chimodzi. Makalasi omwewo, mabuku omwewo. Boma linangotola anthu masauzande opanda maphunziro a uphunzitsi, kuwaonetsa bolodi masabata ochepa, basi kaphunzitseni. Ine ndinali ndi ana osawerengeka pansi pa mtengo wa nimu, mphepo ikawomba bolodi n'kugwera ana. Kenaka kumapeto kwa zaka zomwezo anatenga ma MCDE aja, sukulu zophunzira pawekha, n'kungowasintha dzina kuti CDSS. Dzina linasintha, labotale sinabwere. Mwana akulemba Chemistry asanaonepo botolo la asidi, n'kumapikisana ndi wa ku national secondary yemwe amagonera konko, magetsi usiku wonse. Ndiye mudabwe kuti dzina silinatuluke?

Esinta wa ku Makhanga:
Aphunzitsi, ulemu wanu, koma pakanapanda 1994 ine sindikanalemba ndemanga ino. Bambo anga fizi ankalipirira anyamata okha, ife tinkapirikitsa mbalame m'munda wa mapira. Pansi pa mtengo pomwe mukunyozapo ndi pomwe ndinaphunzirira a e i o u.

Aphunzitsi Alufandika (opuma):
Mwanawe, kudziwa a e i o u si maphunziro. Nthawi yathu mwana wa Sitandade 8 ankalemba kalata yofunsira ntchito payekha. Lero wa Fomu 4 amabwera kwathu kuti ndimulembere.

Esinta wa ku Makhanga:
Nthawi yanuyo m'mudzi monse ofika Sitandade 8 anali angati? Atatu? Enafe tinali kuti?

Fatsani Kabaza:
Mayi mbuzi musagulitse. Gulani njinga, mwana azipalasa. Ine ndili ndi MSCE ya mapointi 31, ili m'sutikesi, mphemvu zikuwerenga. Pa Nchalo tsiku la malipiro palibe wandifunsapo satifiketi 😂

Mayi a Tadala:
Inu mukukamba za 1994, nkhani yoopsa mwaidumpha. Alamuwo! Mwanayo ali ndi zaka zingati? Malamulo a dziko lino anasintha mu 2017, wosakwana zaka 18 sakwatiwa, ngakhale makolo avomere. Ndipo olo atakwana, mwana si mbuzi yachitatu. Anadya ziwiri, akufuna adyenso ng'ombe za malowolo. Ine mchemwali wanga anamuchotsa Fomu 2 chimodzimodzi, mwamuna ntchito yake inali ya nyengo yodula nzimbe yokha, itatha anawolokera ku Mozambique, mpaka lero. Panopa ana atatu ndikulera ndine. Pitani kwa amfumu, mukapanda kuthandizidwa pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma.

Zuze M.:
Musanyoze mwambo wathu. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchimuna, m'bale wa malemu ali ndi mawu. Mwamva mbali imodzi.

Mayi a Tadala:
A Zuze, kapena alamuwo ndinu? Bwezani mbuzi kaye.

Zuze M.:
Ine ndili ku Chapananga, mayiwa sindikuwadziwa.

Nasibeko Namwino:
Ndifunsenso. Chingerezi anapeza nambala yanji? Pa MSCE 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass chabe. Yunivesite ya boma imafuna ma credit asanu ndi limodzi, Chingerezi chikhale pomwepo. Tisanadziwe zimenezo tonse tikungoponya miyala mumdima.

Joni Wowotcherera:
Ine za digiri sindilowerera, ndinena zomwe ndadya. Ndinalephera kupita ku yunivesite, ndinalira ngati mwana wanuyo. Malume anandikakamiza kulembera ku TEVETA, ananditenga ku Nasawa ku Zomba. Lero ndili ndi shedi pa Dyeratu, mafelemu a zitseko, ngolo za ng'ombe, mageti, anyamata awiri ndimawalipira. Makoleji a boma a zamanja alipo: Soche ku Limbe, Nasawa, Salima, Namitete, Lilongwe, Mzuzu, Livingstonia. Kuchokera 2015 kunabweranso ma community technical college, kwanu ku Nsanje ili pa Tengani, pafupi pomwepo. Atsikana amawalimbikitsa kwambiri kulowa zamagetsi, zamipope, zomanga, asamangothamangira kusoka. Ndi dzuwa lathu lino, mtsikana wodziwa kulumikiza sola ndi mapampu a mthirira sangagone ndi njala. Koma ndisakunamizeni, pomaliza sukulu zipangizo sizigwa kumwamba. Ine makina owotcherera ndinagula patatha zaka ziwiri ndikugwirira anthu ena, ndipo magetsi akazima ndimangokhala kumacheza ndi agalu.

Aphunzitsi Alufandika (opuma):
Mwana wa mapointi 23 akawotcherere mageti? A Joni, zamanja n'zabwino, koma mutu ngati umenewu ndi wa ku Chancellor College. Vuto ndi malo. Mayunivesite a boma alipo asanu ndi limodzi: UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST ya ku Thyolo. Mu 2021 anang'amba University of Malawi patatu, Chancellor College n'kutsala ndi dzina la UNIMA, Poly n'kukhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala KUHeS. Mayina anachuluka, koma kugawa nsima m'mbale zitatu sikuchulukitsa ufa. Ndipo taonani mapu. Chigwa chonse chino, kuchoka pa Thabwa mpaka Marka, yunivesite ya boma ilipo? Shuga achoke kuno, thonje lichoke kuno, magetsi a Kapichira achoke kuno, koma mwana wathu akafuna digiri akwere phiri.

Joni Wowotcherera:
Aphunzitsi, geti la nyumba yanu anapanga ndi wa digiri?

Aphunzitsi Alufandika (opuma):
Nyumba yanga ilibe geti. Penshoni ya mphunzitsi siigula geti.

Chikondi B.:
Ine digiri ndili nayo, ya zaka zinayi, gauni ndinavala, chithunzi chili pakhoma kwa amayi. Chaka chachitatu chino ndili m'kakontena pa Ngabu kutumiza ndi kutulutsa ndalama za pafoni. Ngongole ya sukulu ikundidikira. Makalata ofunsira ntchito ndasiya kuwerenga, kulikonse akuti zaka zitatu zogwirapo ntchito, ndikazitenge kuti? Sindikuti asapite, koma musagulitse mbuzi poganiza kuti pepala likabwera mavuto atha. Komanso dziwani kuti ngongole ya Loans Board amapatsa munthu amene wapeza kale malo, ndipo si onse opempha amene amalandira.

Wa Kumudzi Weniweni:
Zonsezi ndi chifukwa chochotsa quota mu 2020. Kale boma lililonse linali ndi malo ake, ana a Nsanje ndi Chikwawa ankalowa. Pano tikupikisana ndi ana a m'tauni a maphunziro apadera.

Gift K.:
Quota inkapondereza ana okhoza bwino a maboma ena. Musayambitse zimenezo pano.

Wa Kumudzi Weniweni:
Inu munaphunzirapo m'kalasi ya malata mwezi wa Okutobala ku Nsanje? Pofika 11 koloko ubongo umakhala utapsa.

Gift K.:
Nanga dzuwa likuwotcha ana a CDSS okha?

Mtumiki Fombe:
Mayi, mwana wa aneba wa 25 wadutsa, wanu wa 23 watsala, ndipo mayi ake akuimba. Inu simukuona? Pali dzanja la munthu apa. Bwerani naye Lachisanu kumapemphero a usiku.

Nasibeko Namwino:
Abusa, palibe dzanja. Kusankha sikuyendera mapointi onse pamodzi okha. Amaona maphunziro amene pulogalamu yomwe wasankhayo ikufuna, ndiponso kuchuluka kwa opikisana nawo. Wa 25 akasankha mwanzeru amalowa, wa 15 akalemba za udokotala zokhazokha amatsala. Mayi, Chingerezi chija?

Lusiya T.:
Za koleji ya m'minibasiyo ndiye ayi, ayi, ayi. Chikomekome cha mkuyu. Ine bambo anga anagulitsa ng'ombe kunditumiza ku koleji ina mumzinda, pamwamba pa sitolo, makompyuta anayi ophunzira ambirimbiri. Zaka ziwiri, dipuloma yokongola ya zilembo zagolide. Kupita nayo kofunsira ntchito anangoiyang'ana n'kundibwezera, ati sukuluyi sitikuidziwa. Bambo anamwalira asanandikhululukire bwinobwino. Musanapereke tambala, onani ngati koleji ndi pulogalamu yakeyo zili pa mndandanda wovomerezeka wa NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a m'makoleji ndi mayunivesite. Zikakhala zamanja funsani ku TEVETA, za unamwino ku bungwe la anamwino. Wakuti timatenga aliyense akufuna mbuzi zanuzo.

Madam Joyce:
Ayesenso uphunzitsi, TTC ndi zaka ziwiri ndipo pano ku Chikwawa iliko. Kungoti konzekerani kudikira. Ife a IPTE, maphunziro a uphunzitsi wa pulayimale a ku TTC, tinamaliza n'kukhala pakhomo nthawi yaitali tisanalembedwe, ena kumaphunzitsa ngati othandizira. Pano ndili ndi ana oposa 100 Sitandade 2, kuchonga makope dzanja limachita dzanzi.

Aphunzitsi Alufandika (opuma):
Mwamva? Ana 100! Ndimanena ine. Ndipo a Madam, nthawi yathu mphunzitsi akamadutsa anthu ankatsika panjinga. Lero ndi amene ali ndi ngongole pa okala iliyonse. JCE anaichotsa, kenaka anaibwezeretsa. Silabasi kusintha ngati nsalu. Ana athu asanduka munda woyeserapo mbewu. Ine ndinalembapo kalata ya masamba 6 yofotokoza zonsezi, yankho mpaka lero.

Fatsani Kabaza:
Aphunzitsi kalatayo mukanandipatsa ine ndikanakaisiya pamanja, mtengo wake wochezeka 😂

Membala wobisa dzina:
Takhuta nonse, foni inathera moto, kuno magetsi anazima dzulo. A Mayi a Tadala, mwanayu ali ndi zaka 19. Za mbuzi ndinapita kale kwa amfumu chaka chatha, alamu anavomera kubweza imodzi, anabweretsa kamwana kodwala, kanafa patatha masiku anayi. A Zuze si alamu anga, alamu anga dzina lawo likuyamba ndi chilembo china. Abusa, anebawo timapemphera mpingo umodzi. A Namwino pepani, ndamufunsa mwana wandiwerengera: Agriculture 2, Chichewa 2, Geography 3, Biology 4, Masamu 5. Chingerezi anakhoza ndithu, palembedwa 7. Mphunzitsi wawo wa Chingerezi anasamutsidwa ali Fomu 3, amene ankawaphunzitsa ndi wa Bible Knowledge.

Nasibeko Namwino:
Mayi, nkhani yonse ndi imeneyo! 7 si credit. Dzina lake silikanatuluka olo akanapeza ma 1 kwina konseko. Si aneba, si quota. Mwana ali ndi mutu, chamugwetsa ndi phunziro limodzi. Mbuzi zisiyeni. Pitani naye kwa ahedi a pasukulu pomwe analembera, akuuzeni nthawi yomwe MANEB ikulembetsa obwereza, ndipo mufunse bwino ngati komwe akufuna kupitako amalola kuphatikiza zotsatira za zaka ziwiri kapena ayenera kulembanso onse. Alowe sukulu ya open, apeze munthu womukhoma Chingerezi, aziwerenga chilichonse chomwe wapeza ngakhale nyuzi yokulungira nsomba zanuzo. Ngati mtima uli ku unamwino, koleji ya Trinity ili ku Muona tsidya linalo, koma kumeneko adzafunanso Physics kapena Chemistry, ndiye muone ngati analemba. Fomu ya TEVETA ikatuluka alembenso, sizilimbana.

Aphunzitsi Alufandika (opuma):
Wa Bible Knowledge kuphunzitsa Chingerezi! Ndinanena kuti zinayamba 1994. Mayi, mubweretseni kwa ine Loweruka lililonse, ndimuyambitse pa parts of speech. Sindilipiritsa. Mungobwera ndi nsomba ziwiri.

Esinta wa ku Makhanga:
Mwanayo akakhala pansi pa mtengo kwanuko, Aphunzitsi, musadandaule.

Zuze M.:
Mbuzi zotsalazo ngati mwasintha maganizo, ndi zazikazi? Mukugulitsa bwanji?