BP yakwera ku medical, bwana akuti nditsike m'thiraki

Wa Beira: Amwene thandizeni msanga. Ku medical ya kampani andipeza 168/102, nesi akuti ndibwerenso Lolemba, ikapanda kutsika horse (mutu wa thiraki) apatsa wina. Ine sindisuta, mimba ndilibe. Kungoti mwezi uno ndaolera pa Mwanza kudikira mapepala, allowance inatha, ukangoima pang'ono a tracker (olondola thiraki) akuimba foni, kunyumba akufuna fizi. Tulo palibe, mutu ukuwawa chakunkhongoku, m'mimba mukuotcha. Ndiitsitse bwanji?

Mdala wa Tanka: Adyo mwana wanga. Tafuna wamuwisi m'mawa uliwonse, Lolemba udzandithokoza.

Abnormal Load: Tsiku loyezalo osamwa energy drink kapena khofi. Kodzani kaye, khalani pansi mphindi 5, osalankhula pokuyezani. Koma musadzinamize achimwene, malire ndi 140/90, yanuyo si mantha a nesi ayi.

Kasumulu: Chonde musabwereke mapiritsi a mnzanu kuti mungodutsa medical. Tinali naye wina wa ulendo wa Dar ankatero. Tinamupeza m'cab pa Songwe pakamwa patakhota, mkono wakumanja sukugwira, injini ikulira. Mwayi anali ataima. Pano amayenda ndi ndodo.

Mdala wa Tanka: Akanadya adyo ameneyo.

Bambo a Mapasa: Mdala, ulemu wanu, koma adyo sangatsitse 168. Akunyumba ndi nesi, amati maganizo akachuluka thupi limatulutsa mahomoni a adrenaline ndi cortisol, mtima nkumagunda mwamphamvu, mitsempha nkuthina. Zikakhala za tsiku ndi tsiku, kuonjezera kusagona ndi mchere wa tchipisi zapaboda, BP imakhazikika pamwamba. Achimwene pitani kuchipatala, muwauze kuti ndinu dalaivala. Piritsi ya BP ya HCTZ imakodzetsa, ine inkandiimitsa pena paliponse mu Tete mpaka anandisinthira amlodipine. Mukayamba osasiya nokha. Chifuwa chikathina kapena nkhope ikachita dzanzi, osagwira chiwongolero.

Abnormal Load: China timachita nacho manyazi, maganizo ndi BP zimagwetsanso mphamvu zakuchipinda. Ndiye anthu nkumagula timapiritsi tapamsika toonjezera mphamvu tija osadziwa kuti tikaphatikizana ndi mankhwala ena a mtima timapha.

Mdala wa Tanka: Ine msewu ndinayamba musanabadwe, piritsi sindinamwepo. Adyo basi.

Kasumulu: Nanga munayezetsa liti mdala?