Ndikasiya kuwaphikira agogo awa, ndachimwa?

Membala wobisa dzina:
Moni a gulu, a admin chonde dzina langa lisaoneke. Ndimakhala ku Mufakose muno mu Harare, ku Zimbabwe, koma ndimagulitsa nsima ku Mbare kufupi ndi Magaba, mbale $1. Pali agogo ena aamuna, anachoka ku Dedza ali mnyamata nthawi ya Federation (chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland) kudzagwira mmafamu a fodya, mafamu aja atalandidwa mu 2000 anasowa kolowera, alibe chitupa alibe mwana. Tsiku ndi tsiku cha mma 1 koloko amafika ndi kambale kawo kachitsulo kopindika mmbali, ndimawaikira nsima ndi kabichi, akamalandira amaomba mmanja kuti zikomo mwana wanga, Chichewa chake chakalekale ngati cha malemu agogo anga. Chaka chachiwiri tsopano.

Mwezi watha ndinawagulira mankhwala a BP $12 bambo akunyumba anakwiya zedi, fizi ya mwana sitinamalize komanso amayi ku Ntcheu akudikira ya feteleza pa Mukuru. Bambowo akuti ukufuna kugula kumwamba ndi nsima? Mawu amenewa andilasa chifukwa penapake ndi zoona, ndikaganiza zosiya ndimakumbuka Mateyu 25 za nkhosa ndi mbuzi ndiye ndimachita mantha, pomwe ku CCAP kwathu amatiphunzitsa Aefeso 2:8 kuti tinapulumuka mwa chisomo. Ndiye kupatsa kwamantha kumawerengedwa? Nanga ndikasiya ndachimwa? Ndithandizeni usiku sindikugona.

Mkulu wa mpingo, Highfield:
Mayi, kumwamba sikugulidwa, zimenezo mtima pansi. Koma onani bwino Mateyu 25 yo, nkhosa zija zinadabwa, zinafunsa kuti tinakuonani liti muli ndi njala. Sizinkawerengera. Inu mwaloweza mpaka kupindika kwa kambale kawo, munthu wamantha okhaokha sayang'anitsitsa choncho.

Mayi wa ku Epworth:
Ine ndinena zowawa achemwali. 1 Timoteo 5:8 ikunena za osasamala apabanja pake. Mwana akabwezedwa ku geti la sukulu mudzamuuza chani? Nsima apatseni koma za mankhwala munayenera kukambirana ndi amuna anu kaye, ndalama ndi ya nonse.

Achimwene a ku Dzivarasekwa:
Ine ndine Msilamu. Kwathu zakaat ndi 2.5% ndipo amapereka amene chuma chake chafika mulingo, wosauka sakakamizidwa. Mukuchitazo ndi sadaka, mumapereka molingana ndi mphamvu zanu. Musadzipweteke.

Mnyamata wa kombi:
Nanga agogowo ndi a mayi yekhayu? Tonse ndife ana a anthu anabwera ndi bulangeti limodzi. Amvano ndi ma burial society tili nawo mbwee, timadikira munthu afe kenako tisonkhe ya bokosi. Ine $2 pamwezi ndiika ya mankhwalawo, a admin tipatseni nambala ya EcoCash yotumizira ndalama pafoni.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse ndalira ndikuwerenga. Mayi a ku Epworth mwanena zoona, madzulo ano ndikapepesa bambo akunyumba pa $12 ija. Koma nsima yokha sindisiya, mawa ndikawafunsa agogo dzina la mudzi wawo ndi a mfumu awo, alipo wa ku Dedza muno amene angatifufuzire abale?