Thandizani: pulogalamu ikuti dissertation yalembedwa ndi AI, mwana akukana kwamtuwagalu

Supavaiza Wotopa
Akuluakulu ndithandizeni msanga, mamakisi akufunika kwa a HoD Lachisanu. Ndili ndi ma dissertation a ana a chaka chomaliza. Imodzi ndaiponya mu pulogalamu yathu ija yogwirira obera, similarity ili pansi bwinobwino koma mbali ya AI yafiira chapter 2 yonse. Ndamuitana mtsikanayo, akukana kwamtuwagalu, akuti makinawo anangomukonzera galamala. Ina ndiye yandizunguza mutu: ma reference osalala, kalembedwe kake ka APA kopanda banga, koma ena ndawasaka pa Google Scholar mpaka tulo, kulibe. Malamulo a ku dipatimenti akungonena za plagiarism, za AI ali ziii. Ndiike ziro? Ndipite nawo ku disciplinary? Ndatopa nazo ine.

Achikulire a Chemistry
Achimwene, musavutike. Mwana akhale mu holo, cholembera ndi pepala, woyang'anira aime pakhomo. Ife tinaphunzira choncho ndipo palibe makina amene anatilembera.

Mayi a ku Laibulale
Adokotala, nkhani ziwirizi musaziphatikize. Ya ma reference ndi yosavuta: tengani DOI (nambala yozindikiritsa pepala la kafukufuku) iliyonse muiike pa doi.org kapena mufufuze pa Crossref, kaundula wa ma DOI. Ikapanda kutuluka, muuzeni mwanayo abweretse pepala lenilenilo. Akalephera, umenewo ndi umboni woti ngakhale komiti iumva. Si ana okha amene amagwa m'mbuna imeneyi. Mu 2023 maloya ena ku New York anapereka kukhoti milandu yopeka imene ChatGPT inawalembera, woweruza anawalipiritsa madola 5,000.

Koma ya mtsikanayo, chonde musaike ziro chifukwa cha utoto wofiira.

Wa ICT
Ndikugwirizana ndi mayi. OpenAI, eniake a ChatGPT, anali ndi chida chozindikirira zolemba za AI, anachitseka mu July 2023 chifukwa chinkaphonya kwambiri. Vanderbilt University ku America inazimitsa mbali ya AI ya Turnitin, pulogalamu yogwirira obera, mu August chaka chomwecho. Ndiye ngati opanga makinawo anagwetsa manja, ife tiimire pa peresenti kumuchotsa mwana sukulu? Akapita kukhoti mudzayankha chiyani?

Mphunzitsi wa Linguistics
Chimene chimandiwawa ine ndi ichi. Ofufuza a ku Stanford mu 2023 anatenga ma essay a mayeso a Chingerezi a TOEFL olembedwa ndi anthu omwe Chingerezi si chiyankhulo chawo, n'kuwaika mu zida zozindikirira AI. Opitirira theka anaweruzidwa kuti ndi a makina, pomwe a ana a sukulu a ku America anadutsa pafupifupi onse. Zidazo zimayang'ana ngati mawu otsatira ndi oyembekezereka. Tsono mwana wathu wochokera ku CDSS, amene tinamuphunzitsa tokha kulemba "furthermore" ndi "in conclusion" mwaulemu, ziganizo zake zimakhala zoyembekezereka. Timulange chifukwa anamvera aphunzitsi ake?

Achikulire a Chemistry
Mwaona tsono? Zida zake n'zosadalirika, mukunena nokha. Nchifukwa chake ndikuti holo, cholembera, pepala.

Supavaiza Wotopa
Aprofesa, ndi ulemu wonse, dissertation ya chaka chathunthu ailembera mu holo bwanji? Apite ku field ndi invigilator?

Wa Komiti ya Ethics
Pepani ndikhotetsa pang'ono, koma inu nonse mukuyang'ana chapter 2 pomwe moto uli ku chapter 3 ndi 4. Tinali ndi wophunzira wa masters amene anacheza ndi amayi olandira ma ARV pa chipatala china chaching'ono. Zojambula zonse zinali m'Chichewa. Pofuna kumasulira msanga, anakopera zokambirana zonse n'kuziponya mu chatbot, mayina, midzi, mpaka dzina la amfumu. Fomu ya consent imene amayiwo anadinda chala inkati mawu awo adzawaona wofufuza ndi supavaiza basi. Mwanayo sanaone vuto lililonse, anatifotokozera yekha monyadira pa defence ngati njira yopulumutsira nthawi. Palibe pulogalamu yomwe ikanagwira zimenezo, ndipo ovulala si yunivesite, ndi amayi aja.

Kumasulirako nakonso kunali kokayikitsa. Pamene mayi wina anayankhula mokuluwika za mwamuna wake, makinawo analemba zina, mwana n'kumangapo theme yonse.

Kumbukirani kuti tili ndi Data Protection Act ya 2024, oyang'anira ake ndi a MACRA, ndipo nkhani za umoyo wa munthu zili m'gulu lofuna chisamaliro chapadera. Adokotala, musanathamangire ziro, afunseni ana anu onse kuti deta ya anthu anaiika kuti. Ma protocol opita ku makomiti ovomereza kafukufuku a COMREC kapena NHSRC azinena poyera ngati AI ikhudza deta.

Supavaiza Wotopa
Eee, izi sindinafunsepo aliyense. Ndipo ambiri mwa ana angawa ndi a qualitative.

Lekichara Wachinyamata
Ine ndinasiya kusaka mfiti. Sabata yachiwiri ya Research Methods ndimawauza onse atsegule chatbot pa foni, aifunse mapepala okhudza mutu wawo, kenako aliyense atsimikize limodzilimodzi. Akaona okha kuti dzina la wolemba ndi lenileni koma pepalalo kulibe, m'kalasi mumakhala phokoso, ndipo sindifunikanso kulalikira. Kumapeto kwa ntchito iliyonse amalemba tsamba limodzi: ndagwiritsa ntchito chida chakuti, pa ntchito yakuti, deta ya anthu sindinaikemo. Wobisa ndiye amakhala ndi mlandu, osati wogwiritsa ntchito.

Si nzeru zanga zokha ayi. UNESCO inatulutsa malangizo a AI pa maphunziro ndi kafukufuku mu September 2023, pamwamba pa mfundo za chikhalidwe choyenera pa AI zimene mayiko 193 anavomereza mu 2021. Ku MUST ku Thyolo anatsegula likulu la AI mu 2023. Sitingamaphunzitse AI mbali imodzi ya dziko, mbali ina tikuchita ngati kulibe.

Mphunzitsi wa Linguistics
Chabwino, koma chenjerani ndi tsamba limenelo. Wolemba chilungamo aphunzitsi ena amudula mamakisi mwakachetechete, wabodza adutsa. Ndiponso mwana wa bwana ali ndi yolipira pa laputopu, mnzake akudikira bundle ya usiku pa foni yobwereka. Mukaika AI kukhala mbali ya assignment, ganizirani ameneyo.

Achikulire a Chemistry
Mapepala a UNESCO sachonga ma script. Ine ndanena kale. Mu holo mulibe wa bwana kapena wa mlimi, onse cholembera chimodzimodzi.

Mayi a ku Laibulale
Aprofesa, mu holo momwemo tinkatola likasa m'masokosi kale AI isanabwere. Adokotala, mtsikanayo mukhale naye pansi pali mphunzitsi wina ngati mboni. Abweretse ma draft akale, version history ngati analembera pa Google Docs, ndi mapepala amene anawerenga. Mumufunse chifukwa chake anasankha theory imeneyo osati ina. Wolemba yekha amayankha ngakhale mwachibwibwi. Ndipo zonse muzilembe, musangokambirana pa khonde.

Wa ICT
Viva yotere n'zotheka kwa ana ochepa. Anzathu a first year ali ndi makalasi a anthu mazana, munthu mmodzi, opanda ma tutor. Paja ndalama za ma tutor a semester yatha zinatuluka?

Lekichara Wachinyamata
Kwathu sizinatuluke. Amene mukufuna tsamba lija nditumizireni uthenga ku inbox, koma lidutse kaye kwa a HoD anu, musadzati ndinakupusitsani.